Espetada: nyama yotunga ya ku Madeira ndi kawotchedwe kake

Espetada ndi nyama ya ng'ombe yodulidwa nthuli zikuluzikulu, yotungidwa pa mtengo kapena chitsulo chosongoka, n'kuwotchedwa pa makala. Zokometsera zake ndi zitatu basi: mchere wosasinja, adyo ndi masamba a mtengo wa louro, omwe m'masitolo amagulitsidwa ouma ndipo paketi yake imalembedwa kuti bay leaves. Kwawo kwa chakudyachi ndi ku Madeira, chilumba cha Portugal chomwe chili m'nyanja ya Atlantic kumadzulo kwa Morocco.

Dzinali limafotokoza kachitidwe kake. Pa Chipwitikizi, espeto ndi mtengo kapena chitsulo chosongoka chowotchera nyama, ndipo espetar ndi kubaya. Mathero akuti -ada amasonyeza chinthu chimene chachitidwa kapena chakonzedwa, monga feijoada, chakudya cha feijão, zomwe ndi nyemba. Choncho espetada ndi nyama yobayidwa pa espeto. Mawu ambiri a Chipwitikizi anachokera ku Chilatini, koma awa ayi. Akatswiri a zinenero amawalondola ku spitus, mawu a chinenero cha Agoti, anthu a mtundu wa Chijeremani omwe analowa m'dera la Spain ndi Portugal m'zaka za m'ma 400 ndipo ufumu wawo unagwa mu 711. N'chifukwa chake espeto ndi pachibale ndi spit wa Chingerezi komanso Spieß wa Chijeremani. Ku Portugal chilembo e choyambirira sichimveka kwenikweni, amatchula ngati "shpetada". Ku Brazil mukamva espetinho, akunena timitengo ting'onoting'ono ta nyama togulitsidwa m'misewu, ndipo kumwera kwa dzikolo espeto corrido ndi kadyedwe kaja komwe operekera zakudya amazungulira ndi zitsulo za nyama n'kumakudulirani patebulo. Muzu ndi umodzi, koma zakudya zake n'zosiyana.

Apwitikizi anayamba kukhala pa Madeira cha m'ma 1420, motsogozedwa ndi João Gonçalves Zarco ndi Tristão Vaz Teixeira. Anapeza chilumba chodzaza nkhalango, ndipo dzina lakuti Madeira limatanthauza mitengo kapena matabwa. Mbali ya nkhalangoyo ilipobe, imatchedwa Laurissilva, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaiika pa mndandanda wa malo otetezedwa a dziko lonse mu 1999. Louro ali paliponse kumeneko, motero munthu wofuna kuwotcha nyama sankavutika kufuna chitsulo, ankangothyola nthambi. Nyama ya ng'ombe sinali chakudya cha tsiku ndi tsiku kwa alimi a pachilumbapo. Inkadyedwa pa zikondwerero za tchalitchi zotchedwa arraiais, monga cha Nossa Senhora do Monte pa 15 Ogasiti. Mpaka pano pa zikondwererozi munthu amagula nyama pa sikelo kwa wogulitsa, amamutungira pa nthambi ya louro, ndiye amapita nayo yekha pa moto woyatsidwira aliyense. Dera la Estreito de Câmara de Lobos ndi lomwe limatchuka ndi nyumba zodyeramo espetada. Anthu a ku Madeira ambiri anasamukira ku South Africa ndi ku Venezuela, ndipo amene anadyapo m'malesitilanti a Chipwitikizi ku Johannesburg anaionako nyama yolendewera pa ngowe patebulo. Ya kumeneko nthawi zambiri imanyikidwa mu vinyo wofiira ndi piripiri. Ndi yokoma, koma si ya pachilumba. Pano tikunena ya pachilumba.

Nyama

Nyamayi imakhala pa moto mphindi khumi zokha kapena kupitirira pang'ono, ndiye palibe nthawi yoti minyewa yolimba ifewe. Sankhani mnofu wa malo amene ng'ombe siigwiritsa ntchito kwambiri poyenda. Apwitikizi amagwiritsa ntchito lombo, vazia ndi alcatra. Ku butchala funsani fileti, seloini kapena rampu. Mwa zitatuzi seloini ndi rampu ndiye zoyenera kwambiri: zili ndi kukoma kwa ng'ombe komanso kamzere ka mafuta m'mbali. Fileti ndi yofewa koma yozizira mkamwa, ndipo imauma msanga. Nyama ya pamwendo, pakhosi kapena pachifuwa isiyireni mphika.

Kilogalamu imodzi imakwanira anthu anayi, kapena atatu ngati ndi odya kwambiri.

Vuto limene ambiri salidziwa ndi la nyama yophedwa tsiku lomwelo. Ng'ombe ikaphedwa, minofu imalimba patapita maola angapo, ndipo imayamba kumasuka pakadutsa masiku. Nyama yogula m'mawa pamsika n'kuiwotcha masana imakhala ngati labala, ngakhale mutaiwotcha mwaluso chotani. Isungeni mu furiji masiku awiri kapena atatu, pa mbale, yophimbidwa mosapanikiza, pa shelefu ya pansi. Ngati furiji palibe, pali njira ya papaya wosapsa: palani supuni ziwiri zazikulu pa kilogalamu imodzi, pakani, dikirani mphindi 30, kenaka pukutani zonse. Musapitirire ola limodzi. Utomoni wa papaya umadya nyama kuchokera kunja, ndiye mukachedwa kunja kumasanduka phala mkati mukadali molimba. Ku Madeira sachita zimenezi, ndi njira yongopulumukira.

Dulani nthuli za masentimita 4 mpaka 5 mbali zonse, kukula ngati dzira la nkhuku. Apa ndi pamene espetada imasiyanirana ndi timitengo ta nyama ta m'misewu. Nthuli yaikulu imapsa kunja n'kukhala ndi chikhokho, mkati mukadali madzi. Yaing'ono imauma yonse chikhokho chisanabwere. Ziyeneranso kufanana kukula, apo ayi zina zipserera zina zikadali zaziwisi. Chotsani kachikopa koyera konyezimira komwe kamakuta mnofu, chifukwa kakamva moto kamakokana n'kupinda nthuli. Mafuta asiyeni, osapitirira theka la sentimita. Mukatha kudula, pukutani nyamayo ndi nsalu yoyera kapena pepala la kukhitchini mpaka iume. Musaitsuke. Nyama yonyowa imayamba yawira m'nthunzi yake, ndipo imatuluka yotuwa m'malo mofiirira.

Chotungira

Pachilumba amadula nthambi yaiwisi ya louro, yowongoka, yonenepa ngati chala chachikulu, yaitali pafupifupi mita imodzi. Amaisenda khungwa ndi kuisongola mbali imodzi. Popeza ndi yaiwisi siyaka, ndipo ikatentha imatulutsa fungo lake mkati mwa nyama momwe. Ichi ndiye chinsinsi cha espetada yeniyeni. Ngati muli ndi mtengo wa louro weniweni pafupi, chitani chimodzimodzi, ndipo boolani kaye nthuli iliyonse pakati ndi nsonga ya mpeni kuti mtengo ulowe osang'amba nyama.

Ngati mulibe, musayese mtengo uliwonse umene masamba ake akufanana nawo. Oleander, duwa lija lobzalidwa m'mipanda ndi m'misewu lokhala ndi masamba ataliatali ndi maluwa apinki kapena oyera, ndi poizoni kuyambira masamba mpaka nthambi. Nkhadze ndi mitengo ina yotuluka utomoni woyera ngati mkaka isayandikire nyama. Paini ndi bulugamu si poizoni wotere, koma utomoni ndi mafuta ake zimawawitsa nyama. Njira yabwino ndi chitsulo chosachita dzimbiri, chophwatalala kapena cha ngodya zinayi, chotalika masentimita 50 mpaka 60. Chitsulo chobulungira chimavuta: mukatembenuza chimazungulira chokha, nyama ili pomwepo. Waya wa mpanda ndi zitsulo zina zokutidwa ndi zinki kapena penti n'zosayenera, chifukwa zokutirazo zimapsa pa moto. Nsungwi imagwira ntchito ngati ili yonenepa mokwanira kunyamula nthuli zolemera. Inyikeni m'madzi ola limodzi, ndipo tungani nthuli zitatu zokha pa kamtengo kamodzi. Kuti fungo la louro lisasowe, ikani tsamba pakati pa nthuli ziwiri zilizonse.

Zokometsera ndi nthawi yake

Pa kilogalamu imodzi ya nyama: adyo timagawo 8, masamba a louro 8 mpaka 10, ndi mchere wosasinja magalamu 15, yomwe ndi supuni imodzi yaikulu yosadzaza mpaka kutumphuka. Ngati muli ndi mchere wosalala wokha, chepetsani kufika magalamu 8 mpaka 10, chifukwa wonse umasungunuka n'kulowa, pamene wosasinja wina umagwa.

Adyo muphwanyeni ndi mbali ya mpeni kapena mu kamtondo, makoko ake ali pomwepo. Anthu a ku Madeira amachita dala zimenezi: khoko limateteza adyo ku moto. Adyo wodulidwa tizidutswa tating'ono kapena wosinjidwa mpaka phala amanyeka m'mphindi ziwiri zoyambirira ndipo nyama yonse imawawa. Masamba anayi athyoleni tizidutswa ndi manja, otsalawo asungireni pakati pa nthuli. Sakanizani adyo ndi masamba ndi nyama, mufikise ndi manja, musiye mphindi 30 mpaka maola awiri. Ngati kukutentha ndipo mudikira kupitirira ola, ikhale mu furiji, n'kuitulutsa patatsala mphindi 30 kuti ipite pa moto.

Mchere musathire pa nthawi imeneyi. Mchere ukakhala pa nyama mphindi 10 mpaka 30 umakoka madzi kubwera kunja, ndipo madziwo sakhala atabwerera mkati. Mukawotcha pamenepo mwataya msuzi komanso chikhokho. Pali nthawi ziwiri zabwino: usiku wathunthu nyama ili mu furiji, kapena pa mphindi yomaliza nyama ili kale pa chitsulo. Ya pachilumba ndi yachiwiriyi. Mwazani mcherewo pa thabwa, gubuduzani chitsulo cha nyama pamenepo, panikizani ndi dzanja kuti umatirire, n'kupita nayo pa moto.

Mafuta ophikira, vinyo, viniga, anyezi ndi tsabola wobiriwira pakati pa nthuli, zonsezi sizifunika. Anyezi ndi tsabola zimatulutsa madzi pa malo pomwe nyama ikufuna kuuma.

Potunga, bayani nthuli pakatikati kuti kulemera kufanane, mafuta ayang'ane kunja. Nthuli zigundane koma zisapanikizane. Zikathinana, moto sufika pakati ndipo pamakhala potuwa. Zikatalikirana kwambiri, ngodya zake zimapserera. Chitsulo cha masentimita 50 chimanyamula nthuli zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Siyani malo ogwira kumbuyo ndi masentimita 5 kunsonga.

Moto

Espetada siigona pa waya. Imalendewera pamwamba pa makala, nsonga ndi chogwirira zitatsamira m'mbali. Ndandalitsani mizere iwiri ya njerwa motalikirana masentimita 30 mpaka 35, makala pakati, kuti nyama ikhale masentimita 10 mpaka 12 pamwamba pa makala. Mbaula yaikulu imathanso ngati mkamwa mwake ndi motambalala. Pa waya nyama imamatirira, adyo ndi mchere zimakokoloka, ndipo mumapeza mizere yakuda m'malo mwa chikhokho chozungulira.

Makala makilogalamu awiri amakwanira nyama ya kilogalamu imodzi kapena ziwiri. Yatsani ndi tinkhuni touma, osati palafini kapena mapepala apulasitiki, chifukwa fungo lake limakhalira pa nyama. Dikirani mphindi 25 mpaka 30 mpaka makala onse ayake ofiira ndi kukutidwa ndi phulusa lopyapyala, popanda malawi. Ngati mukugwiritsa ntchito nkhuni monga amachitira pachilumba, dikirani mphindi 45 kapena ola kuti zisanduke makala. Yesani ndi dzanja pa msinkhu womwe nyama ikhale: ngati mungapirire masekondi awiri kapena atatu okha, moto wakwana. Ngati mukufika asanu kapena asanu ndi limodzi, moto ndi wofooka, onjezerani makala kapena kupizani. Moto wofooka ndiye umawononga espetada kuposa china chilichonse. Nyama imangotuluka thukuta, msuzi ukudontha pa makala, ndipo pofika nthawi yoti yafiirira imakhala itauma. Kufiirira kumene timakufuna kumayamba kunja kwa nyama kukatentha kupitirira madigiri 140, zomwe sizingachitike pamene pali madzi.

Kokerani makala ambiri mbali imodzi, mbali ina mukhale ochepa. Mbali yozizirayo ndi pothawira.

Ikani zitsulo pa mbali yotentha ndipo musazigwire mphindi zitatu zoyambirira. Kenaka tembenuzani gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo muzichita chimodzimodzi pa mphindi ziwiri kapena zitatu zilizonse mpaka mbali zonse zinayi zitaona moto. Zonse pamodzi ndi mphindi 8 mpaka 10 kwa ofuna yofiira mkati, 11 mpaka 13 kwa ofuna yapakatikati. Mafuta akadontha malawi n'kubuka, sunthani chitsulo kupita ku mbali yozizira mpaka malawi azime okha. Musawaze madzi: phulusa limauluka n'kumatirira pa nyama, makala n'kuzizira. Chakumapeto ponyani masamba a louro atatu kapena anayi pa makala kuti utsi wake ukhudze nyama.

Amene ali ndi choyezera kutentha abaye nthuli ya pakati, osakhudza chitsulo. Madigiri 54 ndi yofiira, 60 ndi yapakatikati, 70 ndi yopsa yonse. Malangizo a zaumoyo a ku America amati nyama ya ng'ombe yosagaya ifike madigiri 63 n'kupuma mphindi zitatu. Kwa ana aang'ono, amayi oyembekezera, odwala, komanso pamene nyama siinayezedwe ndi a zaumoyo, ipse yonse mpaka madigiri 70, chifukwa nyama ya ng'ombe yosapsa ingakhale ndi mphutsi za njoka za m'mimba. Pofuna yopsa yonse koma yosauma, ipatseni chikhokho pa mbali yotentha, kenaka imalizire pang'onopang'ono ku mbali yozizira mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Dziwaninso kuti chitsulo chimatenga kutentha n'kupsereza nyama kuchokera mkati, motero ya pa chitsulo imapsa msanga ndi mphindi imodzi kapena ziwiri kuposa ya pa mtengo.

Mukaphula, gundanitsani zitsulo ziwiri kapena menyani chitsulo ndi msana wa mpeni kuti mchere wotsala ndi makoko a adyo opserera zigwe. Ambiri amaiwala zimenezi n'kumadandaula kuti mchere wachuluka. Kenaka pachikani chitsulo choimirira, nsonga pansi, pa ngowe kapena msomali, mbale ili pansi pake. Ikani batala supuni imodzi pa nthuli ya pamwamba kuti asungunuke n'kutsetsereka pa zonse. Pa mbale ikani buledi wolandira msuzi. Dikirani mphindi zinayi kapena zisanu musanayambe kukoka nthuli ndi foloko kuchokera pansi. Mukadula nthawi yomweyo msuzi wonse uthera pa mbale.

Zodyera

Espetada imayenda ndi zinthu ziwiri, ndipo zonse zimayamba kukonzedwa nyama isanafike pa moto.

Choyamba ndi bolo do caco, buledi wophwatalala wa tirigu ndi mbatata. Caco ndi mwala wophwatalala umene ankawotcherapo. Sakanizani ufa wa tirigu magalamu 500, mbatata yophika ndi kusinja magalamu 250, yisiti youma magalamu 7, mchere magalamu 10 ndi madzi ofunda mamililita 200. Mbatata zimasiyana madzi, choncho onjezerani madzi pang'onopang'ono mpaka mtanda ukhale wofewa, womata pang'ono m'manja. Kandani mphindi 10, phimbani, udzitukumuke mpaka kukula kwake kuwirikize kawiri, zomwe zimatenga ola ndi theka kapena maola awiri. Gawani pasanu ndi kamodzi, phwatalitsani chilichonse kufika masentimita 2, chipume mphindi 30. Wotchani pa chiwaya chouma chokhuthala, moto wapakatikati, mphindi 8 mpaka 10 mbali iliyonse, kenaka muimike cham'mbali n'kumagubuduza kuti m'mphepete mupse. Akada kunja mkati muli mtanda ndiye kuti moto unachuluka, popeza shuga wa mbatata amapserera msanga. Ng'ambani pakati akadali wotentha, pakani batala wosakaniza ndi adyo wosinja ndi timasamba tonunkhira ta pasile (parsley).

Chachiwiri ndi milho frito, ndipo aliyense wodziwa kuphika nsima wadziwa kale theka la ntchito. Ndi ufa wa chimanga choyera wophikidwa, woziziritsidwa, wodulidwa timabokosi n'kukazingidwa. Konzani dzulo lake. Wiritsani madzi lita imodzi ndi mamililita 200 pamodzi ndi mchere supuni yaing'ono imodzi ndi theka, adyo timagawo tiwiri tosinja ndi mafuta supuni ziwiri zazikulu. Sungunulani ufa magalamu 250 m'madzi ozizira pang'ono, thirani, takasani. Mgaiwa kapena gramilu ndiye woyenera. Ufa woyera wonyika ndi wosalala kwambiri ndipo sugwirana bwino pokazinga. Zikayamba kukhuthala thirani masamba odulidwa mopyapyala kwambiri, manja awiri. Pachilumba amathira couve, masamba a mtundu wa kabichi, ndipo chomoliya kapena repu zimalowa m'malo mwake bwinobwino. Phikani pa moto wochepa mphindi 30 mpaka 40 mukutakasa. Chikhale cholimba kuposa phala koma chofewa kuposa nsima, choti chikhoza kuthiridwa. Thirani m'mbale yophwatalala kufika masentimita 3, chizizire, chigone usiku wonse chosaphimbidwa mwamphamvu kuti nthunzi ituluke.

M'mawa mwake dulani timabokosi ta masentimita 3, pukutani chinyezi, kazingani m'mafuta okuya otentha madigiri 180. Poyesa, kachidutswa kakang'ono kayenera kuyamba kuthetheka nthawi yomweyo. Ikani tochepa nthawi imodzi ndipo musatigwedeze mphindi zitatu zoyambirira. Tikamaphwasuka m'mafuta, chifukwa chake chimakhala chimodzi mwa zitatu: ufa sunapse mokwanira, simunadikire kuti chizizire bwino, kapena mwadzaza chiwaya mafuta n'kuzizira. Tikamathetheka kwambiri n'kumwaza mafuta, ndiye kuti kunja kunali konyowa. Mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi zimakwana kuti tikhale tofiirira ndi tokhukhuta kunja. Yambani kukazinga pamene nyama yangoikidwa pa moto, kuti zonse zifike patebulo zikadali zotentha, ndipo ngati muli nokha kazingani kaye, n'kuika mbaleyo pa njerwa za ku mbali yozizira ya moto.